A Mukhova, Amene Ankatithamangitsa ndi Nsungwi

Mwezi watha tinaika Lusiyano. Ndinali mmodzi mwa atatu amene tinasambitsa thupi lake, poti mwa anzake onse a kusukulu ndatsala ndine. Titamuvula malaya, mdzukulu wake wamkulu anaima n'kumayang'ana chipsera chachitali chochokera pansi pa nthiti zakumanzere mpaka pamchombo.

"Anganga, chimenechi n'cha ku migodi?" anandifunsa.

"Ayi. Ku migodi anapita nacho kale. Chimenechi n'cha a Mukhova."

Dzinalo sanalidziwe, ndipo pamaliro ponsepo panalibe wina wolidziwa. N'chifukwa chake ndati ndilembe za munthu ameneyu, zabwino zake ndi zoipa zomwe.

A Mukhova sanali mphunzitsi. Ngakhale dzina lawo sankatha kulemba. Anali Mlomwe wochokera kutsidya kwa Muloza, kwa Apwitikizi, ndipo Chinyanja chawo chinali cholemera moti akakwiya chinkathera m'Chilomwe. Pa sukulu yathu ya mishoni, chakumtunda kwa Milonde, ntchito yawo inali kusesa, kufolera denga ndi kumenya mkombero wa galimoto umene unali belu lathu. Ndinayamba kalasi yoyamba ija ya Sabu A zaka za m'ma 1950 zitangoyamba, ndipo ndinawapeza ali kale ndi imvi. Amene anawadziwa mochedwa amakumbukira nkhalamba yotsimphina yoluka madengu. Ife tinawadziwa miyendo yonse iwiri ili yowongoka.

Anali aafupi, miyendo yowonda koma youma ngati mpini wa khasu. Pamapewa onse awiri panali zikang'a zakuda zotukuka, zolimba moti tinkanong'onezana kuti singano singalowepo. Zimenezo zinali za machila. Ali mnyamata ankanyamula azungu a Chipwitikizi m'nsalu yomangirira ku nsungwi yaitali, mzungu atagona m'menemo, anthu n'kumathamanga naye kuchoka m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Tonse tinkadziwa zimenezi, koma eni ake sankazikamba.

Masiku amenewo panali lamulo loti ana azichita perete m'mawa asanalowe m'kalasi: kukweza manja, kuwerama, kudumpha pamalo amodzi. Mphunzitsi wamkulu, a Likaka, ankatichititsa zimenezi atavala jekete, akutsokomola, chifukwa mame ankawadwalitsa chifuwa. A Mukhova ankaonerera atatsamira tsache. Tsiku lina analavula malovu n'kunena mokweza kuti kumeneko n'kuvina kwa anthu okhuta, ndipo mwana wodumpha pamalo amodzi sangathawe ngakhale mbuzi. A Likaka anawayankha kuti ngati akudziwa bwino atitenge iwowo. Ankaganiza kuti akuwachititsa manyazi. Mawa lake a Mukhova anatitengadi, ndipo sanatibwezenso kwa zaka zinayi.

Njira yathu inkatsikira kukhwawa, n'kuwoloka kamtsinje, n'kukwera chitunda chotsata malire a munda wa tiyi mpaka pa mwala waukulu, kenako n'kubwerera. Tinkathamanga opanda nsapato, kaya kuli chiperoni chozizira mpaka mano kugundana, kaya kuli dzuwa la Okutobala. Iwo sankatsogola. Ankakhala pambuyo pa mwana womaliza, atagwira kansungwi kowonda kamene ankakaviika m'madzi kuti kasathyoke. Lamulo lawo linali limodzi: ukhoza kuchepetsa liwiro mpaka kufanana ndi nkhalamba yopita kumadzi, koma usaime. Woima ankamukwapula m'katumba. Wolira ankalandira yachiwiri. Tinkalowa m'kalasi magazi akuchucha m'miyendo, ntchentche n'kumatisokoneza mpaka nthawi yoweruka. Makolo ambiri ankati zili bwino, mwana azilimba. Mizere ina ndili nayo mpaka lero.

Komabe ndikananena kuti inali nsungwi yokha ndikanama. Munthu uja ankadziwa thupi. Anatiphunzitsa kuponda pafupipafupi, mawondo atapindika pang'ono, kuti mutu usamagwedezeke. Ankaika chikho cha madzi pamutu pawo n'kuthamanga nacho mpaka kukhwawa osatayika, kenako n'kutipatsa kuti tiyese. Anatiphunzitsa kupuma motsata mapazi, ndi kusameza madzi ambiri thupi likadali lotentha. Ndipo panali nyimbo. Iwo ankatsogolera m'Chilomwe, ife n'kumavomera, mapazi onse n'kumagunda pansi nthawi imodzi. Akaona kuti wina wayamba kufooka, ankalowetsa dzina lake m'nyimbomo, sukulu yonse n'kulivomera. Ukamva ana onsewo akuimba dzina lako, mphamvu zinkabwera zosadziwika kochokera. Nsungwi inkabwera nyimbo ikalephera.

Wofika poyamba analibe naye ntchito. M'thumba mwawo munkakhala chinangwa chootcha, ndipo ankachipereka kwa mwana amene wafika pomaliza koma osaima m'njira. Ankakonda kunena kuti wothamanga kwambiri anabadwa choncho ndipo palibe chomuyamikira, koma wofooka amene sanaime ndiye wagwira ntchito tsikulo. Ana ena ankabwera kusukulu chifukwa cha chinangwa chimenecho ndi nyimbo ija, osati chifukwa cha masamu.

A Mukhova anakangana ndi amayi a m'mudzi chifukwa cha atsikana. Amayiwo anabwera asanu, akuti atsikana asamathamange, auma ngati amuna ndipo adzavutika pobereka. A Mukhova anawamvetsera mpaka anamaliza.

"Amayi, kwathu asipayi, apolisi aja a Apwitikizi, akalowa m'mudzi sankasankha," anatero. "Akazi amene ankadziwa kuthamanga ndi amene ali ndi zidzukulu lero. Ena mwa iwo ndi amayi anu omwe. Kawafunseni."

Amayiwo anabwerera akung'ung'udza, ndipo atsikana anapitiriza kuthamanga.

Mkangano waukulu unali ndi a Likaka. Kamodzi pachaka sukulu za mishoni zinkakumana pa mpikisano, ndipo chiyambire a Mukhova ife tinkapambana mitunda yonse yaitali. A Likaka anafuna kuti asankhe ana asanu othamanga kwambiri aziwaphunzitsa paokha, enawo abwerere ku perete. A Mukhova anakana, nati ana onse athamanga kapena pasathamange aliyense. Mawu anakula pamaso pathu, mpaka a Likaka anawatchula dzina lija limene anthu ankanyozera nalo Alomwe. A Mukhova anawagwira palamba, n'kuwaponya paphewa ngati thumba la nandolo, n'kuthamanga nawo kuzungulira bwalo lonse, a Likaka akuponya miyendo m'mwamba. Anakawagwetsa m'dzenje la matope oumbira njerwa. Magalasi anasweka, mlomo unang'ambika. Palibe mwana anaseka. A Likaka sanakanene kwa abambo a ku mishoni, mwina chifukwa cha manyazi, koma kuyambira tsikulo awiriwo sanapatsanenso moni.

Lusiyano anali m'Sitandade 2, wazaka ngati khumi ndi chimodzi, mwana wofatsa wa mimba yotupa ndi malungo, monga analili ana ambiri nthawi imeneyo. Anali atajomba milungu iwiri akudwala, ndipo tsiku limene anabwerera a Mukhova anamuika pamzere ngati wina aliyense. Kunali kotentha kuyambira m'mawa. Tinawoloka kamtsinje bwinobwino, koma pakati pa chitunda Lusiyano anayamba kutsalira. Dzina lake linalowa m'nyimbo, ife tinavomera. Anayesa mapazi angapo, kenako anaima atagwira m'nthiti.

Nsungwi inalira m'katumba. Lusiyano anakhala pansi.

"Dzuka."

"Anganga, m'mimba mukundipweteka."

"Dzuka, iwe. Pano sakhalapo."

Anamukwapula pamsana, m'manja, m'khosi, paliponse pamene nsungwi inagwera. Nyimbo inatha yokha, tonse tinaima n'kutembenuka, ndipo a Mukhova sanaone n'komwe kuti sukulu yonse yaima. Nkhope yawo ndinali ndisanaionepo choncho. Ankakuwa m'Chilomwe, ndipo dzina limene ankaitana silinali la Lusiyano. Ankati Waliwa. Nsungwi inang'ambika, n'kuthyoka. Pamenepo anamukoka dzanja kuti aimirire, mwanayo anagwanso, ndipo a Mukhova anamuponda ndi chidendene m'nthiti zakumanzere, kamodzi, ndi mphamvu zawo zonse.

Lusiyano sanalire. Anangotsegula pakamwa ngati nsomba. Milomo inayera, thukuta lozizira linatuluka pachipumi, kenako anasanza. Amayi othyola tiyi kuseri kwa malire anayamba kukuwa. A Mukhova anaima akupuma mwamphamvu, n'kuyang'ana chidutswa cha nsungwi m'manja mwawo ngati sakuchidziwa. Anachitaya, n'kugwada, n'kugwira mimba ya mwanayo. Inali itauma gwa.

"Akukha magazi m'kati," anatero chapansipansi.

Analanda chikwanje kwa bambo wina wa m'mundamo, natsikira kukhwawa, nabwera ndi nsungwi yaikulu. Amayi aja anapereka ziguduli zimene ankadzimanga m'chiuno pothyola tiyi. Posakhalitsa machila anali atamangidwa ndi luzi, Lusiyano ali m'kati. Anasankha anyamata asanu ndi mmodzi akuluakulu a Sitandade 3, ine ndili momwemo. Nthawi imeneyo ena a Sitandade 3 anali atayamba kale ndevu.

"Awiriawiri kumbuyo, muzisinthana ndikanena. Musamugwedeze. Mukamugwedeza afa."

Kutsogolo anasenza okha, ndipo sanasinthane ndi munthu. Galimoto pamsewu zinali zosowa, chipatala cha mishoni chinali kutali, ulendo umene munthu wamkulu ankanyamuka m'mawa n'kukafika dzuwa litapendeka. Ife tinadzera njira zachidule za m'minda ya tiyi ndi m'midzi. Apo ndi pamene ndinamvetsa chifukwa cha chikho cha madzi chija. Machila ankayenda mosalala ngati akuyandama. Phewa langa linasupuka tisanafike ndi pakati pomwe, magazi anamatirira malaya ku nsungwi. A Mukhova ankaimba, mawu atasasa, ife n'kumavomera ndi mpweya umene unatsala. Mnzathu wina anagwa chafufumimba pamiyala, n'kukanika kudzuka. Tonse tinayang'ana a Mukhova mwamantha.

"Musiyeni apume. Wina alowe," anatero osatembenuka.

Tinafika dzuwa lisanafike pamutu. Sisitere wachizungu atayang'ana mikwingwirima pathupi la mwanayo anafunsa, kudzera mwa womasulira, kuti wachita zimenezi ndani.

"Ndine," anayankha a Mukhova.

Dokotala anang'amba pamimba tsiku lomwelo n'kuchotsa kapamba, amene anali ataphulika. Womasulira uja anatiuza pambuyo pake kuti tikanachedwa pang'ono tikanabwerera ndi maliro. Anatiuzanso kuti kapamba wotupa ndi malungo sachedwa kuphulika. A Mukhova anakhala pansi pa khonde la chipatala, mapazi akutuluka magazi, ndipo madzi amene anawapatsa sanamwe.

Patapita masiku atatu, atsibweni ake a Lusiyano, a Jemusi, amene anali kapitawo pa munda wa tiyi, anafika pasukulu ndi abale awo awiri. Anali masana, ife tili m'kalasi. Mmodzi ananyamula musi. Makalasi athu analibe zitseko, mawindo anali mabowo chabe, choncho tinaona zonse. A Mukhova anali kusesa pabwalo. Anawaona akubwera patali, ndipo palibe mwa atatuwo amene akanawapeza akanati athawe. Anagoneka tsache pansi n'kukhala pa dothi, miyendo atatambasula.

A Likaka, omwe aja anagwetsedwa m'matope, ndi amene anatuluka kukaima pakati.

"A Jemusi, nkhaniyi ipite ku boma. Pano pali ana."

"Ana omwewo aone," anayankha a Jemusi, n'kuwakankhira kumbali mpaka anagwa. Kenako anatembenukira kwa a Mukhova. "Mwendo umene munamuponda nawo ndi uti?"

"Uwu."

Anaukweza pa chipika chimene tinkakhalira podya. Awiri anawagwira mapewa, ngakhale panalibe chifukwa, poti sanalimbane nawo. A Jemusi anakweza musi ndi manja awiri. Kugunda koyamba kunamveka ngati nkhuni youma ikuthyoka. Atsikana anabisa nkhope m'madiresi. Kachiwiri musi unagwera pabondo. A Mukhova analuma mkono wawo womwe mpaka magazi, ndipo anabuula pa kachitatu pokha. Atatha apo anawang'amba malaya n'kuwakwapula pamsana ndi nsungwi zimene anazipeza zitaviikidwa m'ndowa kuseri kwa kalasi, mpaka zonse zinatha kuthyoka. A Jemusi anapukuta thukuta, natola musi wawo, napita.

A Mukhova anakana kupita ku chipatala. Tinawanyamula m'machila omwe aja kupita nawo ku kanyumba kawo kutsidya kwa khwawa, tikuyenda pang'onopang'ono. Sing'anga wa mafupa anamanga mwendowo ndi timitengo, koma unapola mokhota, bondo losapindika. Mlandu sunapite kulikonse. Mbali zonse ziwiri zinkadziwa kuti ukafika ku boma, ndende ikatenga onse. Abambo a ku mishoni anangotumiza mawu oti a Mukhova asapondenso pasukulu. Perete anabwerera, ndipo chaka chotsatira pa mpikisano tinali omaliza. Kunena zoona, ambiri tinasangalala kuti miyendo yathu yapola. Koma m'mawa kunkakhala zii, ndipo ana angapo amene ankabwera chifukwa cha nyimbo ija anasiya sukulu.

A Mukhova anayamba kuluka madengu a othyola tiyi. Analibe mkazi kapena mwana kuno. Lusiyano anachira patapita miyezi, ndipo ankazungulira njira yaitali kuti asadutse pakhomo pawo. Chitatha chaka, nkhalambayo inatuma uthenga woti ikufuna kumuona. Iye anaopa kupita yekha, choncho ndinamuperekeza. Tinawapeza pakhonde, mwendo woipawo atautambasula, akusenda nsungwi. Tinakhala chapatali.

Sanapepese. Anayamba kukamba za Waliwa, maso ali pa mpeni. Waliwa anali mng'ono wawo, ndipo anagwidwa limodzi kukanyamula machila a mzungu wokhometsa msonkho kuchokera ku Milange. Tsiku lachiwiri la ulendo Waliwa anali ndi malungo. Anaima, n'kukhala pansi m'njira. Sipayi anamukwapula ndi chikoti cha chikopa cha mvuu mpaka msana unatseguka, ndipo atalephera kudzuka anamumenya m'mutu ndi tsinde la mfuti. Mzungu uja sanadzutse n'komwe mutu m'machilamo. A Mukhova analamulidwa kusenza pamalo pa mng'ono wawoyo, ulendo n'kupitirira, Waliwa akupumabe m'mbali mwa njira. Pobwerera, patatha masiku anayi, anapeza kansalu kake ndi mapazi a afisi. Mwezi womwewo anathawa n'kuwoloka Muloza.

"Ndinkati ana a kuno asadzapezeke oima," anatero. "Woima ndi amene amafa. Ndinkati ndikawamenya ine, sadzamenyedwa ndi wina."

Lusiyano anakanda pansi ndi chala. Kenako analankhula.

"Ndiye sipayi uja munali inuyo, anganga."

Mpeni unaima. Ndinkayembekeza kuti akwiya, ndipo ndinali nditakonzeka kuthawa.

"Eya," anayankha. "Ndinali ine."

Anatenga kadengu kakang'ono kolukidwa bwino kwambiri n'kumupatsa. Lusiyano anakayang'ana, koma sanakalandire. Anaimirira, ine ndinamutsata. Sanapitekonso, ndipo m'moyo wake wonse sindinamumve akutchula dzina la a Mukhova. Ana ake asanu ndi awiri anakula osadziwa mkwapulo wa bambo wawo. Ine ndinkapitabe kwa a Mukhova mwa apo ndi apo kukawatungira madzi, ndipo sindinathe kusankha kuti ndiziwada kapena ndiziwathokoza. Za kuthamanga sanazikambenso, kupatula tsiku lina pamene anandiona ndikubwera ndi ndowa pamutu n'kundiuza kuti ndayamba kuponda ndi chidendene ngati mzungu.

Anamwalira zaka za m'ma 1950 zili pafupi kutha, nyengo ya mvula, ndi chifuwa. Pamaliro panali anthu ochepa. A Likaka anabwera n'kuwerenga pemphero, a Jemusi anatumiza nkhuku koma eni ake sanafike. Bokosi tinasenza ndife, ophunzira awo akale.

Kanyumba kawo kanagwa ndi mvula ya chaka chotsatira. Poti analibe mbale woti alowe pamalopo, palibe anamangapo, ndipo mpaka lero palibe walimapo, ngakhale malo avuta chonchi kuno kwathu. Ndinapitako sabata yatha. Patsala kachulu ka dothi lofiira pamene panali zipupa, ndi mafuwa atatu okwiririka theka. Pakati pake pamera mtengo wa mpoloni, mbuzi za eni minda yoyandikana zimagona pamenepo masana. Njira yopita kusukulu tsopano imadutsa chapafupi, ndipo ana amadzera pomwepo m'mawa, makapu a phala ali m'manja, ena akukokana, ena akutola mapeyala ogwa. Ndinakhala pa limodzi la mafuwa aja mpaka onse anatha kudutsa. Womaliza anali kamtsikana kovala nsapato zazikulu. Kanaima pakachulu paja, kanavula nsapato imodzi n'kukhutula mchenga, kanakhala pansi kaye pang'ono, kenako kananyamuka mosafulumira.